Mmene Mungapezere, Kuonera ndi Kuwerenga Agulugufe a Monarch Pamitengo Imene Amagona Ali Paulendo

Chaka chilichonse, kuyambira chakumapeto kwa Ogasiti, agulugufe otchedwa monarch amene anabadwira kum'mwera kwa Canada ndi kumpoto kwa United States amanyamuka ulendo wopita kumapiri a m'chigawo chapakati cha Mexico, ndipo ena a iwo amauluka mtunda wokwana makilomita 4,000. Gulugufeyu, amene akatswiri amamutcha Danaus plexippus, amalemera pafupifupi theka la galamu, ndipo mapiko ake ndi ofiirira ngati lalanje lakupsa, okhala ndi mizere yakuda komanso timadontho toyera m'mphepete. Amene munakulira kwathu kuno mukumudziwa m'bale wake, Danaus chrysippus, yemwe amauluka pang'onopang'ono m'minda ndi m'mphepete mwa misewu, ngakhale kuti iye alibe ulendo wapachaka wofanana ndi uwu. Agulugufe a monarch sauluka usiku. Masana aliyense amauluka payekha, koma dzuwa likapendeka amatsika n'kusonkhana pamtengo umodzi kapena iwiri, nthawi zina makumi ochepa, nthawi zina masauzande, ndipo pamenepo ndi pamene munthu wamba angawaone bwino, kuwawerenga, ndi kupereka chiwerengero chothandiza kwa amene amalondola ulendowu.

Musanapite kukafuna mtengo wotere, ndi bwino mudziwe kuti agulugufe amene mukawapezewo ndi osiyana ndi makolo awo, chifukwa zonse zimene muyenera kuchita ndi kupewa pamalopo zikuchokera pa kusiyana kumeneku. Agulugufe a monarch obadwa m'miyezi ya Juni ndi Julayi amakhwima m'masiku ochepa chabe atatuluka m'chikwa, amakwerana, yaikazi n'kuikira mazira pamasamba a chomera chotchedwa milkweed, ndipo amafa pakatha masabata awiri mpaka asanu ndi limodzi. Obadwa chakumapeto kwa Ogasiti ndi mu Sepitembala amatuluka m'chikwa ziwalo zawo zoberekera zisanakhwime, ndipo zimakhala choncho kwa miyezi ingapo. Kuima kwa kuswana kumeneku akatswiri amakutcha diapause. Chimene chimachitika m'thupi n'chakuti homoni ina imene imakhwimitsa mazira mwa yaikazi ndi ziwalo za yaimuna imachepa kwambiri, choncho chakudya chimene chikanapita kumazira chimasanduka mafuta osungidwa m'mimba. Homoni yomweyo ndi imene imafulumizitsa ukalamba, ndipo n'chifukwa chake gulugufe amene waimitsa kuswana amatha kukhala ndi moyo miyezi isanu ndi itatu pamene mayi wake sanathe ngakhale miyezi iwiri.

Zimene zimayambitsa kusinthaku zimachitika gulugufe akadali mbozi kapena ali m'chikwa. Ofufuza a ku University of Minnesota, Liz Goehring ndi Karen Oberhauser, anasonyeza mu 2002 kuti zinthu zitatu zimathandizana: kufupika kwa masana tsiku ndi tsiku, kutentha kwa masana kosinthana ndi kuzizira kwa usiku, ndiponso kukalamba kwa masamba a milkweed amene mbozi ikudya. Mbozi imene yakula m'nyengo yotere imasanduka gulugufe wapaulendo, ndipo gulugufe ameneyu sataya nthawi kufunafuna mnzake kapena chomera choikirapo mazira. Ntchito yake imakhala kumwa timadzi ta m'maluwa, kuuluka chakum'mwera, ndi kusunga mphamvu. Mafuta amene wasonkhanitsa panjira ndi amene adzamusunge kuyambira Novembala mpaka Malichi m'nkhalango za mitengo yonga paini yotchedwa oyamel ku Michoacán ndi ku State of Mexico, zigawo ziwiri za dziko la Mexico, pamalo okwera mamita pafupifupi 3,000, kumene maluwa ndi ochepa poyerekeza ndi unyinji wa agulugufe. Ine ndimaona kuti munthu amene wamvetsa zimenezi sangagwedeze nthambi kuti ajambule agulugufe akuuluka, chifukwa amadziwa kuti kuuluka kulikonse kopanda chifukwa kukudya nkhokwe imene gulugufeyo akudalira kuti afike m'mwezi wa Malichi.

Choyamba n'kudziwa nthawi. Ulendowu umayambira kumpoto n'kumatsika ndi nyengo, motero tsiku loyenera limadalira kumene muli. Kufupi ndi nyanja zikuluzikulu za pakati pa Canada ndi United States, mitengo yogonapo imayamba kudzaza chakumapeto kwa Ogasiti mpaka pakati pa Sepitembala. Ku Kansas ndi ku Oklahoma kumakhala chakumapeto kwa Sepitembala, pamene ku Texas, kumene njira zambiri zimakumana ngati madzi olowa m'ngalande imodzi, agulugufe amachuluka kumayambiriro ndi pakati pa Okutobala. Oyamba amafika ku Mexico cha pa 1 ndi 2 Novembala, masiku amene anthu akumeneko amakumbukira akufa awo, ndipo ena mwa anthu a m'maderawo amati agulugufewo ndi mizimu ya abale awo imene yabwera kudzawaona. Pulogalamu ya pa intaneti yotchedwa Journey North imaika mapu osonyeza kumene anthu aona mitengo yogonapo sabata iliyonse, ndipo mukaona kuti malipoti afika makilomita mazana angapo kumpoto kwa kwanu, yambani kutuluka madzulo alionse.

Kenako yang'anani nyengo ya tsikulo, chifukwa mphepo ndi imene imalamula. Agulugufewa amakonda kuuluka mphepo ikuchokera kumpoto n'kumawakankha kumbuyo, ndipo amakwera m'mwamba ndi mpweya wotentha umene umachokera pansi, monga amachitira akabawi, kuti asakupize mapiko nthawi zonse. Mphepo ikatembenuka n'kumachokera kum'mwera, kapena kukagwa mvula, amaima n'kudikira, ndipo mtengo umene dzulo unali ndi agulugufe makumi awiri ukhoza kukhala ndi mazana ambiri mawa lake chifukwa obwera pambuyo akupeza anzawo asanachoke. Masiku awiri kapena atatu a mphepo ya kum'mwera, otsatana ndi usiku wozizira, ndi nthawi imene muyenera kusiya zina zonse n'kupita kukayang'ana. Mphepo ya kumpoto ikangobwerera, mtengowo ukhoza kutsala wopanda kanthu m'mawa umodzi wokha.

Malo oyang'ana ndi amene ali ndi zinthu ziwiri moyandikana, chakudya ndi pobisalira mphepo. Fufuzani munda kapena tchire limene lili ndi maluwa a nyengo imeneyo, monga goldenrod, aster, blazing star, kapena frostweed ngati muli ku Texas, ndipo muone ngati chapafupi pali mzere wa mitengo kapena kagulu ka mitengo kamene kali pokhapokha pakati pa minda. Agulugufe sasankha mtundu umodzi wa mtengo ali panjira. Amagona pa maple, pa paini, pa oak, pa pecan ndi pa willow, malinga mtengowo uli ndi nthambi zowateteza, ndipo kawirikawiri amakhala mbali imene mphepo sikuwomba. Malo amene nthaka imalowa m'madzi ngati chala ndi odziwika kwambiri, chifukwa agulugufe amazengereza kuwoloka madzi aakulu mphepo isanawakomere. Point Pelee ku Ontario, pa Lake Erie, ndi amodzi mwa malo otere, chimodzimodzinso Peninsula Point ku Michigan ndi Cape May ku New Jersey. Komabe simuyenera kupita kutali choncho, pakuti mitengo yambiri yogonapo imapezeka kuseri kwa nyumba za anthu ndi m'mphepete mwa minda. Ngati mtengowo uli pamalo a munthu wina, pemphani kaye chilolezo kwa mwini wake.

Fikani pamalo a maluwawo kutatsala ola limodzi kapena awiri kuti dzuwa lilowe, ndipo muime pamene mungaone thambo ndi nsonga za mitengo nthawi imodzi. Musathamangire kuyang'ana m'masamba, chifukwa simudzaona kanthu. Tsatirani ndi maso gulugufe mmodzi amene wasiya kudya n'kuyamba kuzungulira pamwamba pa mitengo. Adzayesa nthambi iyi, n'kunyamuka, n'kuyesa ina, ndipo akayandikira pamene anzake atera kale mudzaona chinthu chimene sichiiwalika: nthambi imene imaoneka ngati ya masamba ouma imang'anima mwadzidzidzi ndi mtundu wa lalanje, chifukwa amene atera amatambasula mapiko kamodzi n'kamodzi mlendo akafika, kenako n'kuwatsekanso. Mapiko akatsekedwa, mbali yakunsi imene imaonekera ndi yotuwa, ndipo agulugufe mazana atatu olendewera pamodzi amafanana kwambiri ndi tsango la masamba ofota moti mukhoza kudutsa pansi pawo osadziwa. Kung'anima kumeneku ndi kumene kumaulula malowo, ndipo kumapitirira mpaka chisisira, pamene onse amakhala bata.

Chifukwa chenicheni chimene amagonera pamodzi sichidziwika bwino, koma akatswiri ena amaganiza kuti chimakhudza chitetezo. Mbozi ya monarch imadya milkweed, chomera chimene chimatulutsa utomoni woyera ngati mkaka wokhala ndi poizoni wosokoneza mtima, ndipo poizoniyo amatsalira m'thupi la gulugufe. Mbalame imene yalawa mmodzi n'kusanza imaphunzira kupewa mtundu umenewo, choncho gulu lalikulu limachepetsa mwayi woti aliyense payekha agwidwe. Mtengo wabwino umawatetezanso ku mphepo ndi mame ozizira a usiku.

Onetsetsani kuti amene mukuwaonawo ndi monarch. Pali gulugufe wina wotchedwa viceroy amene amafanana naye kwambiri, koma ndi wocheperapo ndipo ali ndi mzere wakuda wodutsa chopingasa pamapiko akumbuyo, umene monarch alibe. Ndi magalasi oonera patali mukhozanso kusiyanitsa amuna ndi akazi pamene atambasula mapiko: wamwamuna ali ndi kadontho kakuda pa phiko lililonse lakumbuyo ndipo mizere yake ndi yopyapyala, pamene wamkazi alibe kadonthoko ndipo mizere yake ndi yokhuthala. Kuima kwa kuswana sikuoneka ndi maso kunja kwa thupi, koma khalidwe limakuuzani zambiri. Agulugufe apaulendo amakhala ndi mapiko atsopano owala, amadya moyandikana paduwa limodzi popanda amuna kuthamangitsa akazi, ndipo amadutsa milkweed osaima. Mukaona wamkazi wa mapiko ofwifwa ndi ong'ambika akutera pamasamba a milkweed n'kupinda mimba yake kunsi kwa tsamba, ameneyo akuikira mazira ndipo ndi wa m'badwo umene ukutha. Lembani zimenezo padera, chifukwa kuona agulugufe oswana mochedwa m'nyengoyi n'kofunikanso kwa ofufuza.

Kuwerenga ndi mbali imene anthu ambiri amalakwitsa, ndipo ndi imene ndikufuna muisamale koposa. Madzulo ndi nthawi yopezera mtengo, koma nthawi yabwino yowerengera ndi m'mawa kwambiri. Agulugufewa satha kuuluka bwino kutentha kukakhala pansi pa madigiri 13, choncho kukacha kozizira amakhala phee pamene anagona, ndipo kuwala kumakhala kokwanira kuti muwaone. Imani patali mamita angapo, dzuwa lili kumbuyo kwanu. Sankhani kachigawo kakang'ono ka tsango limodzi, muwerenge agulugufe khumi mmodzimmodzi, ndipo muone kukula kwa malo amene khumiwo atenga. Kenako yendetsani maso pa tsango lonse mukuwerengera kuti malo otere akukwanamo kangati. Tsango likakhala lalikulu, yambani ndi makumi asanu kapena zana. Kumbukirani kuti tsango lili ndi kuseri ndi mkati, motero lizungulireni pang'onopang'ono ngati malo alola, ndipo muwonjezere amene abisika. Lembani chiwerengero cha nthambi iliyonse payokha musanaphatikize za mtengo wonse, chifukwa mutu suchedwa kusokonezeka mukafika nthambi yachisanu ndi chimodzi.

Ngati muli awiri, aliyense awerenge payekha osauza mnzake, kenako mufananize. Ziwerengero zikasiyana pang'ono, tengani chapakati, koma zikasiyana kwambiri bwerezani. Jambulani chithunzi cha mtengo wonse ndi china cha tsango limodzi chapafupi, osagwiritsa ntchito kuwala kwa kamera, kuti mukafika kunyumba mukulitse chithunzicho n'kuyesa ngati diso lanu linanena zoona. Munthu amene waona zimenezi koyamba mtima umamuuza kuti ndi masauzande ngakhale ali mazana anayi, ndipo chiwerengero chokokomeza chimawononga ntchito ya ena onse amene anawerenga mosamala. Nenani chimene mwaona, ndipo ngati mbali ina ya mtengo simunathe kuiona, lembani kuti simunaione.

Mukamaliza, khalani pomwepo kuti muone kunyamuka kwawo ndi kulemba nthawi yake. Dzuwa likafika panthambi, amene ali kunja kwa tsango amatambasula mapiko n'kuwalozetsa kudzuwa, ena amanjenjemeretsa minofu ya mapiko kuti itenthe, ndipo amayamba kuchoka mmodzi, awiri, kenako ambiri pamodzi. Onani mbali imene alowera. Ofufuza a ku University of Massachusetts, motsogozedwa ndi Steven Reppert, anapeza kuti agulugufewa amalondola njira poyang'ana dzuwa, ndipo mu 2009 anasonyeza kuti wotchi ya m'thupi imene imawathandiza kukonza njirayo pamene dzuwa likuyenda ili m'tinyanga tawo. N'chifukwa chake gulugufe amene sanapiteko ku Mexico, pakuti amene anachokako m'mwezi wa Malichi ndi agogo a makolo ake, amatha kulowera kum'mwera chakumadzulo m'mawa ndi masana omwe.

Lipoti lanu likhale ndi tsiku, nthawi, malo enieni, chiwerengero ndi njira imene munawerengera, mtundu wa mtengo, mbali ya mtengo imene anagona, kumene mphepo imachokera, kutentha, maluwa amene ali pafupi, ndi masiku amene mtengowo wakhala ndi agulugufe. Tumizani ku Journey North pamodzi ndi chithunzi. Ziwerengero zotere n'zofunika chifukwa agulugufewa achepa kwambiri. Ku Mexico sawawerenga mmodzimmodzi koma amayeza kukula kwa nkhalango imene aphimba, ndipo m'nyengo ya 1996 mpaka 1997 inali mahekitala 18.19, pamene m'nyengo ya 2013 mpaka 2014 inali mahekitala 0.67, ndipo ya 2023 mpaka 2024 inali 0.9. Chiwerengero cha ku Mexico chimangonena za amene anafika. Malipoti a panjira ndi amene amathandiza kudziwa ngati vuto lili kumalo oswanira, kumene milkweed wachepa m'minda ya chimanga ndi soya chifukwa cha mankhwala opha udzu, kapena lili paulendo penipeni, kumene chilala chimaumitsa maluwa.

Amene mukufuna kuchita zoposa kuwerenga mukhoza kuika zizindikiro pamapiko a agulugufewa. Njirayi ndi imene inaulula kumene agulugufewa amapita. Fred Urquhart wa ku University of Toronto ndi mkazi wake Norah anatha zaka zambiri akumata timapepala pamapiko mothandizidwa ndi anthu odzipereka, mpaka mu Januwale 1975 pamene Ken Brugger ndi Catalina Aguado anafika pankhalango yodzaza agulugufe paphiri la Cerro Pelón, malo amene anthu okhala m'mapiriwo ankawadziwa kale. Lero ntchitoyi imayendetsedwa ndi Monarch Watch, imene Chip Taylor anayambitsa mu 1992 ku University of Kansas, ndipo imagulitsa tizomata tozungulira tokhala ndi nambala. Gwirani gulugufe ndi ukonde wofewa pamene akudya pamaluwa masana, osati pamtengo wogonapo. Mugwireni mapiko onse anayi atatsekedwa, pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, kufupi ndi thupi, ndipo mumate kachizindikiroko kunsi kwa phiko lakumbuyo, pakachigawo kapakati kooneka ngati chikhatho, n'kukanikiza pang'ono kwa masekondi angapo. Lembani nambala, tsiku, malo, ndi ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi musanamumasule. Sambani m'manja ndipo musasunge ambiri m'chotengera chimodzi, chifukwa pali kachirombo kotchedwa OE kamene timbewu take timamatirira pathupi n'kufalikira. Ku California malamulo ndi ena, pakuti kugwira agulugufewa kumafuna chilolezo cha boma. Kumeneko agulugufe a kumadzulo amathera nyengo yozizira m'mphepete mwa nyanja, pamitengo ya bulugamu ndi ya paini ku Pacific Grove, Pismo Beach ndi Santa Cruz, ndipo bungwe la Xerces Society limatsogolera kuwerenga kwapachaka kuyambira 1997, chaka chimene anapezeka oposa 1 miliyoni, pamene mu 2020 sanakwane 2,000.

Ngati mtengo wogonapo uli pakhomo panu, pali zochepa zimene mungachite ndipo n'zosavuta. Zimitsani magetsi a panja amene akuwala pamtengowo, musawaunikire ndi tochi, musapopere mankhwala ophera udzudzu kapena tizilombo tina m'masabata amenewo, ndipo musadulire mtengowo kufikira nyengo itatha. Dzalani maluwa amene amamasula mu Sepitembala ndi Okutobala. Chenjerani ndi milkweed wa kumadera otentha, Asclepias curassavica, wa maluwa ofiira ndi achikasu, amene amagulitsidwa kwambiri chifukwa cha kukongola kwake. M'madera ofunda monga kum'mwera kwa Texas ndi ku Florida chomerachi sichiuma m'nyengo yozizira, choncho chimasunga kachirombo ka OE chaka chonse, ndipo chikhoza kukopa agulugufe ena kuti asiye ulendo n'kuyamba kuswana. Ngati muli nacho kale, chiduleni kufupi ndi nthaka nyengo ya ulendo ikayamba, ndipo chaka chotsatira mudzale milkweed wachilengedwe wa m'dera lanulo.

Bwererani pamtengowo madzulo otsatira ndi ena otsatirawo, pa nthawi yofanana, ndipo muime pamalo omwewo. Mukapeza agulugufe achuluka, werengani mwatsopano m'mawa mwake osangowonjezera pa chiwerengero cha dzulo, chifukwa ena achoka ndipo ena afika. Mukapeza nthambi zilibe kanthu, lembani tsikulo, mphepo yake, ndi ziro, pakuti tsiku limene mtengo unatsala wopanda gulugufe ndi limene limasonyeza kuti gulu lija linakhalapo masiku angati ndi kuti linanyamuka ndi mphepo iti. Sungani kabuku kameneka mpaka Ogasiti wa chaka chamawa, chifukwa mitengo ina imalandira agulugufe chaka ndi chaka, ndipo masiku amene munalemba adzakuuzani sabata yoyambira kuyang'ana.